Wozunza akalapa, kodi mtsikanayo akwatiwe naye?

Funso lachokera kwa mtsikana wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Akuti: "Ndimalemba nkhani zachikondi n'kumaziika pa Facebook chigawo chimodzi chimodzi, ndipo ena amazitumizirana pa WhatsApp. Imene ndikulemba panopa ndi ya mtsikana wa zaka 21 amene mayi ake anakwatiwanso ndi bambo wogulitsa mbatata ya kachewere. Bamboyo ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 26. Mnyamatayu amamunyoza mtsikanayo, amamulanda foni, amamutsekera m'nyumba, ndipo pa chigawo 12 anamumenya. Kenako anayamba kumukonda. Owerenga anga amukonda kwambiri mnyamatayu ndipo akufuna kuti awiriwa akwatirane. Koma azakhali anga atawerenga anandiuza kuti ndikuphunzitsa ana zoipa. Kodi ndikulakwa? Nanga mnyamatayu ndimusinthe bwanji kuti anthu akhulupirire kuti wasinthadi?"

Achemwali, simukulakwa kulemba za nkhanza za m'nyumba ya bambo omupeza. Zimenezi zikuchitika m'makomo ambiri kuyambira ku Dómuè mpaka ku Moatize, ndipo agogo athu ankazinena kale m'nthano za mwana wamasiye amene ankapatsidwa madeya pamene ana a mwini nyumba akudya nsima yoyera. Chimene azakhali anu akuopa ndi ukwatiwo, ndipo pamenepo ine ndili kumbali yawo. Mmene nkhani yanu ilili pano, mtsikanayo akangokwatiwa ndi mnyamatayo, mwana wa sukulu amene akuwerenga pa foni ya mkulu wake adzatolapo phunziro limodzi lokha, loti ukapirira mbama chikondi chili kutsogolo.

Funso lanu lachiwiri mwaliloza kwa mnyamata, pamene mwini nkhani ndi mtsikana. Musanaganize za kusintha kwa mnyamata, dzifunseni kuti ndi liti pamene mtsikanayu adzatha kunena kuti "ayi" koma osamenyedwa, osagona ndi njala, mayi ake osathamangitsidwa pakhomopo. Tsiku limenelo lisanafike, chilichonse chimene iye angavomere kwa mnyamatayo akuvomera kuti apulumuke, ngakhale iye mwini atamakhulupirira kuti ndi chikondi. Zonse zimene ndikuuzeni m'munsimu zikuchokera pa funso limeneli.

Mtundu wa nkhani umene mukulembawu pa intaneti amautchula dark romance. Unafala kwambiri kudzera pa Wattpad, webusaiti yolembapo ndi kuwerengapo nkhani, imene inayamba ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 2006, ndipo kuno ena amauwerenga m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Nyumba za m'nkhani zimenezo n'zosiyana ndi zathu. Makolo olemera akwatirana ana atakula kale, mnyamata ndi mtsikana akumana koyamba pa tebulo la chakudya, ndipo palibe mfumu, malume kapena mpingo umene ungawafunse kanthu. Wolemba wa kwathu akangotenga nyumba yoteroyo n'kuisintha mayina, nkhani imayandama, owerenga amasangalala nayo koma saikhulupirira. Inu muli ndi chuma chimene olemba a kutaliwo alibe, ndipo ndikuona kuti simunayambe kuchigwiritsa ntchito.

Kwathu kuno mayi akakwatiwanso, mwana wa bamboyo amasanduka achimwene tsiku lomwelo. Msuweni ndiye amene mwambo umalola kuseleulana naye mpaka kukwatirana. Mlongo wa m'nyumba imodzi, ngakhale magazi asakhale amodzi, anthu akamva kuti mukufunana amagwira pakamwa n'kunena kuti malaulo. Ndiye taganizirani ukwati umene owerenga akuupemphawo mmene ungayendere. Mnyamata akatuma amalume ake kukafunsira mbeta, akagogoda pakhomo pa yani? Mayi a mtsikana, amene mnyamatayo amawaitana kuti mayi, asanduke apongozi oti aziwapewa panjira? Bambo omupeza akhale mbali iti pa chinkhoswe? Mafunso amenewa ndi olemera kuposa mbama ya pa chigawo 12, ndipo nkhani yanu sinawakhudze n'komwe.

Palinso nkhani ya malo. Ku Angónia ndi ku Tsangano miyambo iwiri inasakanikirana kalekale. Pali ya Achewa, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi monga mkamwini, ana n'kukhala a mbumba, woyang'anira wake ali malume. Palinso ya Angoni, kumene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. M'mudzi wa chikamwini bambo omupeza ndi mlendo, ndipo mwana wake ndi mlendo koposa. Atakweza dzanja pa mwana wa mbumba, amalume ali pa nyumba yachitatu, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani yafika pabwalo. Nkhanza za mtundu umene mwalembawo zimakula pamene mayi achoka kumudzi n'kutsatira mwamuna ku vila (kutauni), kukalowa m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, kumene oyandikana nawo amamva kulira koma amati ndi za eni ake. Choncho wowerenga wochenjera akufunsa kale mumtima kuti amalume a mtsikanayu ali kuti. Muyankheni. Mwina amalumewo anakongola fetereza kwa bambo omupezawo ndipo sangathe kuwayang'ana m'maso. Mwina anapita ku Joni zaka zapitazo. Mwina anayambana ndi mlongo wawo pa nkhani ya dimba, ndipo mayiyo akuchita manyazi kubwerera kumudzi atanyamula mavuto. Lililonse mwa mayankho amenewa likhoza kukupatsani chigawo chathunthu, ndipo likutisonyeza chifukwa chimene mtsikana wasowera mtengo wogwira.

Ndikupempheni kwambiri za mayi ake. Musawalembe ngati mfiti, musawalembenso ngati munthu wosadziwa kanthu. Mayiyo akudziwa. Tiwonetseni ali kukhitchini akusenda mbatata pamene kuchipinda kukumveka kugunda, mpeni uime m'manja mwawo kwa kanthawi, kenako apitirize kusenda. M'mawa apatse mwana wawo tiyi wa shuga wambiri kuposa masiku onse, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, usamawayankhe achimwene ako, ukudziwa mmene alili." Mayi ameneyo ali ndi ana ena awiri aang'ono amene akudya ndi kuphunzira ndi ndalama za mbatata za bamboyo. Wawerengera, ndipo wasankha kukhala chete. Wowerenga amukwiyire, koma amumvetse. Kwa atsikana ambiri amene anakulira m'nyumba zotere, bala la kukhala chete kwa mayi limapola mochedwa kuposa la chimenyo, ndipo ngati mukufuna kuti nkhani yanu ikhale ndi chiyanjano cholizitsa anthu kumapeto, chili pakati pa awiriwa.

Tsopano tione chifukwa chimene owerenga amukondera mnyamata amene anamuona akumenya. Mu 1979 Lenore Walker, katswiri wa za maganizo wa ku America, atacheza ndi akazi ambiri omenyedwa, anafotokoza kuti nkhanza za m'nyumba kawirikawiri zimayenda mozungulira. Zinthu zimayamba kutentha pang'onopang'ono, kenako kuphulika, kenako kubwera nthawi ya kupepesa ndi kukoma mtima, ndipo zikatero zimayambiranso. Mu 1981 Donald Dutton ndi Susan Painter, a ku Canada, anasonyeza kuti pali zinthu ziwiri zimene zimamangirira womenyedwa kwa womumenya: mphamvu zonse kukhala mbali imodzi, ndi kusinthanasinthana kwa nkhanza ndi chifundo. Munthu yemweyo amene wakuvulaza ndiye akubwera kudzakutonthoza, ndipo chifukwa palibe wina wokutonthoza, mtima umakakamira kwa iyeyo.

Nkhani yotuluka chigawo chimodzi chimodzi imachita zomwezo kwa owerenga. Lolemba mnyamata wamenya, anthu agona mitima ili m'mwamba. Lachitatu wabwera ndi chitenje chatsopano ndi mafuta opaka pa tsaya, maso ali ofiira, ndipo mitima ya owerenga yakhala pansi. Kupuma kumeneko ndiko akukutchula kuti kumukonda mnyamatayo. Izi zikusonyeza kuti dzanja lanu lili ndi mphamvu, chifukwa mwawalowetsa owerenga mu msampha womwe mtsikana alimo. Chatsala n'chakuti muwatulutsemo pamodzi ndi iyeyo. Pa chigawo china mtsikana atsegule sutikesi akufuna chovala cha kutchalitchi, apezemo zitenje zitatu zopinda bwino, zonse zosavalapo, n'kukumbukira kuti chilichonse chinabwera m'mawa wotsatira tsiku limene anamenyedwa. Musafotokoze zambiri. Awerenge zitenjezo, atseke sutikesi, akhale pa mphasa. Owerenga amene ankaimbira m'manja chitenje cha Lachitatu lija adzazindikira okha zimene ankaimbira m'manja.

Samalaninso ndi pamene maso a wolemba aima. Anthu a m'nkhani akhoza kunena chilichonse. Mayi wina wa pamsika akhoza kumuuza mtsikana kuti banja ndi kupirira, mnzake wa mnyamata akhoza kunena kuti mwamuna wopanda nsanje alibe chikondi, mnyamata mwini akhoza kulumbira kuti amafufuza foni yake chifukwa amamukonda. Mawu amenewa amanenedwa tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yopanda iwo ingakhale yonama. Koma mawu a inu wofotokoza asavomereze. Ngati pamene mnyamata wagwira mtsikana pakhosi inu mukutiuza za mapewa ake otambalala ndi fungo la mafuta ake, mwatiimika kumbali ya womenya. Tiuzeni zimene mtsikana akuona: loko wa pachitseko, mtunda wochoka pamene waima kufika pa zenera, mawu a wailesi ya oyandikana nawo imene yakwezedwa mwadzidzidzi.

Kukula kwa mtsikana ndiko kumene ndikufuna muthere nthawi yanu yambiri. Judith Herman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, analemba mu 1992 kuti munthu wochira ku nkhanza amadutsa magawo atatu: poyamba kukhala pamalo otetezeka, kenako kukumbukira ndi kulira zimene zinamuchitikira, pomaliza kubwereranso pakati pa anthu. Gawo loyambalo silidumphika. Nkhani zambiri za mtundu wanu zimathamangira ku chikhululuko mtsikana akadagona m'nyumba yomwe anatsekeredwamo, ndipo n'chifukwa chake kusintha kwake sikumveka.

Chitetezo chimayamba ndi tinthu ting'onoting'ono tooneka ndi maso. B.I. (chiphaso cha unzika) ya mtsikanayu ili kuti? Ngati ili m'kabati ya bambo omupeza, kuitenga kokha ndi chigawo chogunditsa mtima. Ali ndi ndalama yakeyake? Mwina amakazinga mandasi n'kumapatulako ma meticais 20 kapena 50, n'kumasunga pa e-Mola kapena M-Pesa ya mnzake chifukwa foni yake imafufuzidwa. Wauzapo munthu mmodzi? Tsiku limene atsegula pakamwa koyamba, mwina kwa mayi wa m'kwaya akuchokera kophunzira nyimbo, lisakhale la mawu okonzedwa bwino. Ayambe, asiye, aseke pang'ono pobisa manyazi, anene kuti "si zambiri ayi", kenako alire. Munthu amene wakhala akuuzidwa kuti ndi wodya zaulere pakhomo pa eni sayamba ndi kulankhula molimba mtima.

Mumulolenso alephere. Ulendo woyamba athawire kumudzi, akuluakulu akhale pansi, akambirane, bambo omupeza abwere ndi thumba la ufa ndi mawu aulemu, ndipo mtsikana abwezedwe. Kapena abwerere yekha atamva kuti mayi ake adwala. Owerenga adzakwiya, adzalemba kuti mtsikanayu ndi wopusa. Asiyeni akwiye, chifukwa pakati pawo pali ena amene anabwererapo kangapo ndipo sanauzepo munthu, ndipo amenewo adzadziona m'nkhani yanu kwa nthawi yoyamba. Ulendo wachiwiri ukhale wokonzekera. Akwere chapa (minibasi) ya ku Tete m'mamawa kukuzizira, atsike mapiri a ku Angónia, adutse pa Mussacama ndi ku Moatize, awoloke Zambezi pa mlatho wa Samora Machel juzi atalivula kale chifukwa cha kutentha. Kumeneko anthu akulankhula Chinyungwe, palibe womudziwa, ndipo akuthandiza mnzake kugulitsa tomato pa msika wa Kwachena.

Kufika ku Tete sikuchira. Apa ndi pamene olemba ambiri amafulumira, pomwe ndi pamene pali nkhani yokoma. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo mtsikana adzidzimuke. Akafuna kukagula mchere apemphe chilolezo kwa mnzake, mnzakeyo n'kudabwa kuti, "Iwe, ukupempha kwa ndani?" Usiku amusowe mnyamata uja, ndipo lembani zimenezo moona mtima, chifukwa zimachitika. Atenge foni, alembe uthenga, aufufute. Tsiku lina akwiye koyamba, mkwiyo weniweni umene wakhala akuumeza kwa zaka, ndipo mwina augwetsere pa munthu wosalakwa n'kukapepesa pambuyo pake. Pamene adzagule yekha chitenje choyamba ndi ndalama ya thukuta lake, n'kusankha mtundu umene mnyamata uja ankaudana nawo, wowerenga adzadziwa kuti munthuyu wakula popanda inu kumuuza.

Tsopano mnyamata wanu. Mupatseni mbiri, inde. Mwina mayi ake anathamangitsidwa kuti mayi a mtsikanayu alowe, ndipo mkwiyo umene sangaupereke kwa bambo ake akuuthira pa wofooka wa m'nyumbamo. Mwina anakula akumenyedwa ndi lamba pamaso pa antchito. Zimenezi zimatithandiza kumumvetsa, koma sizimuchotsera mlandu. Njira yabwino yosonyezera zimenezo ndi kumupatsa mng'ono wake amene anamenyedwa ndi lamba yemweyo koma sanakwezepo dzanja pa munthu.

Pali njira zachidule zimene ndikukupemphani muzipewe. Ina ndi ngozi ya njinga yamoto: mnyamata wagonekedwa m'chipatala, mtsikana akumumwetsa phala, iye akulira n'kupepesa, basi zatha. Ina ndi kubweretsa mwamuna woipa koposa kuti mnyamata wanu amupulumutse mtsikana kwa iyeyo. Zonsezi zimasintha mmene owerenga akumuonera mnyamatayo popanda iye kusintha kalikonse. Ngakhale kutembenuka mtima kutchalitchi, kumene ndikukhulupirira kuti kumachitikadi, sikukwanira pakokha m'nkhani. Umboni wa Lamulungu uyenera kuoneka Lolemba pa depoti ya mbatata.

Kusintha kokhulupirika kumayamba ndi kutchula zimene wachita, pamaso pa anthu, ndi mawu ake enieni. Wozunza amakonda kunena kuti "zinachitika", "Satana anandinyenga", "nayenso anandiputa". Mnyamata wanu aime pamaso pa amalume a mtsikana, bambo ake ali pomwepo, anene kuti, "Ndinamumenya. Ndinamutsekera m'nyumba masiku awiri. Ndinamulanda foni kuti asauze munthu." Asaonjezere "koma". Kenako ataye kanthu. Kuno ku Mozambique lamulo nambala 29/2009 lolimbana ndi nkhanza za m'banja zochitira akazi linaika mlandu wotere m'gulu la milandu imene boma limaitsata lokha, kutanthauza kuti sungothetsedwa chifukwa abale akhululukirana pansi pa mtengo. Mnyamata amene wasinthadi sathawa zimenezo ndipo satuma bambo ake kukanyengerera aliyense. Mwinanso bambo ake amuchotsa pa bizinesi chifukwa chowachititsa manyazi poulula. Kulapa kumene sikumutayitsa munthu kanthu wowerenga sakukhulupirira, ndipo akuchita bwino kusakukhulupirira.

Asinthenso kumene mtsikana sangamuone. Tiwonetseni mmene akulankhulira ndi aganyu okweza matumba m'lole pamene thumba limodzi lang'ambika. Tiwonetseni akupsa mtima, dzanja likunjenjemera, n'kutuluka panja kukazungulira mpanda mpaka mtima utatsika. Tiwonetseni akupereka moni waulemu kwa mayi omupeza amene ankawatchula "mkazi wa bambo" kwa zaka zonsezi. Zimenezi zitenge nyengo, mbatata zikumbidwe kawiri kapena katatu. Ndipo chachikulu pa zonse, akauzidwa kuti asabwere, asabwere. M'nkhani za pa intaneti zija, mnyamata kufufuza kumene mtsikana wabisala n'kutulukira pakhomo pake usiku amakulemba ngati umboni wa chikondi chachikulu. Funsani mkazi aliyense amene anathawapo mwamuna kuti anamva bwanji atamuona ataima pa geti la nyumba imene sanamuuze. Mnyamata wanu akhoza kudziwa kuti mtsikana ali ku Kwachena, akhoza kupita ku Tete ndi lole ya mbatata sabata iliyonse, koma osapondako. Chigawo chimene iye wakhala m'lole, msika ukuoneka patsogolo, n'kuuza dalaivala kuti "tiyeni tizipita", chidzagwira mitima kuposa kugwada kulikonse.

Nanga akwatirane? Maganizo anga ndi oti ayi. Mnyamata asinthe zenizeni, mtsikana aone kuti wasintha, amuuze kuti wakuona, mwinanso amukhululukire, koma akane kukhala mkazi wake. Mnyamatayo alandire yankholo popanda kuopseza, popanda kudzimvetsa chisoni, popanda kutuma anthu. Pamenepo ndi pamene tidzatsimikize kuti wasintha, chifukwa malinga ngati mtsikana ndiye mphotho ya kusinthako, sitingadziwe ngati walapa kapena wangopeza njira ina yomupezera. Chikondi chisasowe m'nkhani yanu chifukwa cha zimenezi. Mtsikana akhoza kukumana ndi wina, ndipo mudzakhala ndi zambiri zolemba za mmene munthu wozolowera kukuwiridwa amavutikira kukhulupirira mwamuna wofatsa, mpaka kumuona ngati wosasangalatsa poyamba. Ngati mtima wanu monga wolemba ukukakamirabe pa awiri oyambawo, ndiye papite zaka, banja la makolo awo likhale litatha, mtsikana akhale ndi pake podyera ndi pogona, akhale iyeyo woyamba kulankhula, ndipo mutisonyeze abale amene adzakane kubwera ku ukwatiwo. Ngakhale zitatero ine sindingaulembe ukwati umenewo, chifukwa owerenga anu ambiri adzakumbukira mbama ndi diresi loyera, zapakatizo n'kuziiwala.

Pa zaka za anthu anu musasunthe. Mwalemba 21 ndi 26, koma werengeraninso kuti mayi anakwatiwa liti. Ngati mtsikana analowa m'nyumbamo ali ndi zaka 13, ndiye chigawo chilichonse chobwerera m'mbuyo chimene chikusonyeza mnyamata akumusirira chikusonyeza munthu wamkulu akusirira mwana, ndipo chimenecho sichingalembedwe ngati chikondi m'njira ina iliyonse. Lamulo nambala 19/2019 linaletsa ukwati ndi kutomera kwa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo atsikana a msinkhu umenewo ali pakati pa owerenga anu. Akadzakupemphani kuti nkhani yotsatira ikhale ya mtsikana wokondana ndi bambo ake omupeza, kanani. Mukhoza kulemba za bambo wotero monga wolakwira mwana amene anapatsidwa kuti amulere, koma osati monga wachikondi.

Musaiwalenso kuti ena mwa okuwerengani ndi amayi ndi abambo amene akulera ana owapeza ndi mtima wonse, kuwalipirira sukulu, kugona nawo kuchipatala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo alipo ambiri amene akukhala motero. Ikanimo mmodzi wotere, kaya ndi mayi wa m'kwaya uja amene akulera ana atatu a mwamuna wake. Ngakhale bambo omupeza a m'nkhani yanu asakhale chilombo. Akhoza kukhala munthu amene amamugulira mtsikana makope mosanyinyirika, koma sangapirire kumva choipa cha mwana wake wamwamuna.

Mukayamba kulemba motere, ena adzasiya kuwerenga, ndipo ena adzakulemberani mwamseri kuti nkhaniyi ndi yawo. Konzekerani mauthenga amenewo. Musawaike poyera ngakhale mutachotsa dzina, chifukwa m'tauni yaing'ono ngati Ulongué anthu amazindikirana ndi zinthu zochepa. Musamulangize munthu kuti akayankhane ndi womuzunza, ndipo musamukakamize kuchoka lero lomwe ngati sanakonzeke. Mumvereni, mumukhulupirire, kenako mumulozere kumene angathandizidwe. Ngati ndi mwana, pali nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança. Ku polisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, imene ambiri amangoitchula kuti Gabinete de Atendimento. Ngati wagwiriridwa, apite kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. Lembani zinthu zitatuzi m'munsi mwa chigawo chilichonse chimene muli chimenyo, ndipo pamwamba pake ikani mzere umodzi wochenjeza kuti m'chigawomo muli nkhanza, kuti amene bala lake likadali laliwisi asankhe yekha ngati awerenge tsiku limenelo.